Tisanaikemo Mayina

Chaka chatha, mwezi ngati uno,
magetsi anathima fayilo ili pakamwa pa disiki,
theka lamezedwa, theka lili panja.
Mayina mazana anayi a ana a kusikelo
anasanduka timabokosi ndi zizindikiro za mafunso.
A Twaibu, kalaliki wathu, anawalembanso pamanja
milungu itatu, osandiyang'ana kumaso.

Ndiye lero malonjezo a makina sindiwamvera.
Mtsuko watsopano sitiyamba n'kusungiramo mafuta;
timathiramo madzi, n'kuyang'ana pansi.

Ndatseka chitseko cha ofesi ya kaundula.
Fani ikungotembenuza kutentha komweko kwa Okutobala,
kunja a kabaza akuliza mabelu kulowera ku mlatho wa Shire.
Disiki ndaigawa pawiri:
mbali ino yoyeserapo, mbali iyo yofafaniza,
munda woti ulimidwe, utenthedwe, ulimidwenso
popanda wodandaula.

Kukhazikitsa mayeso n'kupempha moto khomo ndi khomo.
Pulogalamu ikuti: ndikusowa chakuti.
Ndachikoka. Chakuticho chikuti: nane ndili ndi m'bale wanga.
Bandulo yathera pa m'bale wachisanu.
Ndatuma Saujati kwa Che Mdoka kukagula mayuniti,
wabwera nawo, ndi mango aawisi, ndi mchere papepala.

Zilembo zatsika pa sikirini ngati linthumbu posamuka,
kenako zaima. Palibe chofiira.
Ndalemba liwu limodzi. Ndadina.

Mayeso oyamba ndi aulemu:
lenga fayilo, itche dzina, iitane. Yavomera?
Otsatira alibe chisoni.
Ena akudzaza disiki mpaka pakhosi
n'kuwonjeza dontho limodzi, aone ngati inama kuti malo alipo.
Ena akusintha dzina la fayilo imodzi kachikwi
ngati munthu wothawa ngongole.
Ena akutuma alembi makumi asanu pa tsamba limodzi,
zigongono zikugundana.
Ndipo pali awa, odziwa bala langa:
amadula mpweya mwadala pakati pa chiganizo,
n'kudzutsa makina, n'kufunsa:
unati wasunga. Chili kuti?

Wadutsa. Wadutsa. Walumphidwa. Wadutsa.
Mlonda wasuzumira pawindo,
akufunsa ngati ndikuonera mpira.
Ndati eya, wa mapenate okhaokha.

Cha m'ma 2 koloko, nambala 311 wagwa.
Mizere iwiri yatembenukirana misana:
choyembekezeka, chopezeka.
Mchere wa mango uja wandibwerera kukhosi.
Ndawerenga pang'onopang'ono, chala pagalasi,
ndipo wolakwa si disiki. Ndine.
Ndinaumira malo pogawa paja,
ngati woitana anthu kuukwati
n'kuyala mphasa imodzi.
Ndakuza malowo, ndabwereza yekhayo. Wadutsa.

Kenako, azana ya m'bandakucha isanamveke,
a magetsi abweretsa mayeso awoawo
osalembedwa pa mndandanda uliwonse.
Mdima bii. Fani yafa.
Batire lokalamba lalira kawiri, lagonja.
Ndakhala duu, udzudzu ukundinong'oneza za chaka chatha,
ndikuwerenga mapazi a mlonda kupita ku jenereta.

Chingwe chakokedwa kachitatu. Kuwala.
Makina adzuka, atulutsa kabuku kawo ka m'thumba
momwe amalembamo zoti achite asanazichite.
Apeza pomwe anasiyira:
zomalizidwa azisunga,
zolekezedwa pakati azibweza pomwe zinali,
osasiya nyenyeswa.
Ndawerenga mafayilo, ndawerenganso.
Palibe wovala timabokosi kumaso.

Mayeso otsala ndawayambitsanso; alipo makumi asanu ndi anayi.
Kunja wina akusesa kale masamba pakhonde la kusikelo,
amayi oyambirira akhala pabenchi, ana kumsana,
timabuku tachipatala m'mapepala a pulasitiki.

A Twaibu afika posachedwa, njinga m'manja,
cholembera chabuluu m'thumba la malaya monga masiku onse.
Sindiwauza kuti azichisiya kunyumba.
Ndingowakokera mpando pafupi ndi wanga,
ndiwagawire bango lotsalali,
tidikire limodzi mzere womaliza.